Musanatenge ngongole ya Sienta, dziwani kaye amene amalipira ngozi ikachitika

Achemwali, ndawerenga funso lanu loti mukufuna kutenga ngongole mugule galimoto ya Toyota Sienta, mupatse mnyamata aziyendetsa ngati takisi n'kumakubweretserani ndalama madzulo aliwonse, mwinanso muilembetse ku makampani oitanitsa galimoto pa foni aja. Zoitanitsa galimoto kudzera ku Dar es Salaam ena akuyankhani kale. Ine ndikamba za tsiku la ngozi, chifukwa mwa onse amene akuti gulani, ndalama ilimo, palibe amene watchulapo zimenezi, pamene ndi zimene zimagwetsa eni galimoto.

Yanga ndinagula mu 2021, cha m'ma K5.5 miliyoni, theka ndalama yanga, theka ngongole. Inkayenda msewu wa Lilongwe kupita ku Salima. Dalaivala ankabweretsa cha m'ma K20,000 patsiku, ndipo chaka choyamba ngongole ndinkabweza bwinobwino. Mapepala onse analipo: nambala yofiira, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi ya third party. Mtima unali m'malo.

Tsiku lina chakumadzulo tayala lakutsogolo linaphulika ili pa liwiro, galimoto inagubuduka. Munali anthu khumi, pamene Sienta ili ndi mipando isanu ndi iwiri kuphatikiza wa dalaivala. Mulungu anachita chifundo, palibe anamwalira, koma mayi wina wogulitsa nsomba anathyoka mwendo pawiri, mnyamata wina anaduka zala. M'mawa mwake ndinakaiona galimoto ku polisi, denga litafwanyika mpaka pa mipando, usipa wa mayi uja uli mbwee pansi pamodzi ndi magalasi osweka, nkhwaira imodzi ya mwana ili pampando wakumbuyo. Dalaivala ananditsimikizira kuti tiyendera limodzi mpaka nkhani ithe. Patatha miyezi iwiri foni yake inasiya kupezeka, abale ake akuti anapita ku Joni.

Tsono mvetsani bwino apa. Third party ndi imene lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, ndipo ndi yotsika mtengo, n'chifukwa chake ambiri timathamangira yomweyo. Koma ntchito yake ndi kulipira anthu ena amene galimoto yanu yawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Galimoto yanuyo ikaphwanyika salipira ngakhale tambala. Ine ndinatsala ndi chitsulo ku polisi, ndalama ya tsiku ndi tsiku yasiya kulowa, pamene obwereketsa akudikira yawo pakutha pa mwezi ngati kale. Ngongole siidziwa kuti galimoto inagubuduka.

Chachiwiri, chimene anthu ambiri sawerenga pa pepala lija: inshuwalansi ili ndi malire. Yanga inkathera pa K5 miliyoni. Khothi likagamula chipukuta misozi chopitirira pamenepo, kampani imapereka mpaka pa malire ake n'kusamba m'manja, zotsalazo amafuna kwa dalaivala ndi mwini galimoto. Ndipo maloya a ovulala amadziwa kuti dalaivala alibe chake, amalunjika kwa amene dzina lake lili pa blue book, chikalata cha umwini wa galimoto. Pamaso pa lamulo, munthu amene mwamulemba ntchito akalakwitsa ali pa ntchito yanu, inunso mlandu umakukhudzani, ngakhale tsikulo munali ku ofesi kapena ku tchalitchi.

Masamani anandipeza patadutsa chaka ndi miyezi, ine ndikuyesa kuti nkhani inatha kalekale. Ndinali nditathandiza ovulala aja kuchipatala, thiransipoti, chakudya, ndodo zoyendera, koma osalemberana paliponse, ndiye pa mlandu zonsezo sizinawerengedwe. Choipitsitsa, mapepalawo ndinawasunga m'kabati poganiza kuti a inshuwalansi ayankha okha. Masiku oyankhira anadutsa, chigamulo chinaperekedwa ine kulibe. Zonse pamodzi zinafika cha m'ma K9 miliyoni, osawerengera za maloya. Tsiku limene asherifi anabwera kunyumba kudzalemba katundu, filiji, mipando, wailesi ya kanema, ana anga ataima pakhomo akuyang'ana, sindidzaliiwala. Ndinagulitsa puloti imene ndinasungira ana kuti katundu asanyamulidwe. Galimoto ndinkafuna kuiwongola, koma kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zipangizo inakwera moti ndinangoigulitsa kwa ophwasula.

Ovulala aja sindiwaimba mlandu. Mayi uja mpaka pano amatsimphina, ndipo geni yake ya nsomba ndi imene inkadyetsa banja. Anali ndi ufulu wodandaula.

Ndiye ngati mwatsimikiza mtima kugula, langizo langa lalikulu ndi ili: musaike nyumba kapena puloti ngati chikole pa ngongole ya galimoto yonyamula anthu. Za katapila musayerekeze n'komwe. Ndipo ngati ndalama yanu ingokwanira kugula galimoto, osatsala ya inshuwalansi ya comprehensive, ndiye kuti simunakonzeke, dikirani. Comprehensive ndi yodula, pa galimoto ya takisi amawerengera pa mtengo wa galimotoyo ndipo imafika masauzande mazana angapo pachaka, mwinanso kudutsa miliyoni, koma ndi yokhayo imene imakubwezerani kanthu galimoto ikatheratu pa ngozi ya pamsewu. Nayonso ili ndi gawo limene mumayamba mwalipira nokha, amati excess. Funsani kuti ndi zingati musanasaine.

Mukapita ku ofesi ya inshuwalansi auzeni chilungamo kuti galimoto izinyamula anthu olipira. Ndaona wina pamwambapa akuti ingoisiyani pa nambala ya pulayiveti, ndi zotchipa, atrafiki mumangogwirizana nawo pamsewu. Langizo limenelo ndi loopsa. Inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo siifanana ndi ya galimoto ya matola, ndipo kampani ikadziwa kuti munkanyamula anthu olipira pomwe munalembetsa kuti ndi yoyendera banja, mwaipatsa nokha chifukwa chokanira. Afunseni akuonetseni pa pepala kuti okwera angati ali m'kati mwa chitetezocho, malire ake ndi ndalama zingati, ndipo kukweza malirewo n'kuwonjezera zingati. Musakhutire ndi mawu a pakamwa a wothandizira amene akungofuna komishoni.

Za dalaivala ndiye m'pamene pagona nkhani. Laisensi ndi PrDP yake (chilolezo choyendetsera galimoto yonyamula anthu) muzione ndi maso anu, mukope, muone tsiku limene zikutha. Lemberanani pamaso pa mboni, mudziwe kwawo ndi abale ake. Koma dziwaninso kuti tageti, ndalama yoti azibweretsa patsiku, ikakhala yokwera, ndi ife eni ake timamukankhira kulongeza anthu ngati matumba ndi kuthamanga kuti apange maulendo ambiri. Mafuta akasowa, tsiku lonse ali pa mzere, madzulo mukufunabe ndalama yanu yathunthu, mawa lake adzabweza ndi liwiro. Chinanso chofala, dalaivala akatopa amapatsa mnzake wa pa siteji kuti amugwirire ulendo umodzi, mnzakeyo mwina alibe n'laisensi yomwe. Kachipangizo kolondola galimoto kamathandiza kuona liwiro ndi kumene ili, koma sikakuuzani amene wagwira chiwongolero. Muziyendako pa siteji mosayembekezereka.

Kulembetsa ku makampani a pa foni sikuchotsa katunduyu pamutu panu. Iwo amadzitenga ngati olumikiza wokwera ndi dalaivala, galimoto ndi yanu, dalaivala ndi wanu. Werengani mgwirizano wawo, makamaka ndime yokamba za ngozi. Abale athu amene akuyankha ali ku Joni, oyendetsa Uber ndi Bolt, akunena zoona kuti kumeneko ovulala amalipidwa ndi Road Accident Fund, thumba la boma limene ndalama yake imachokera pa mtengo wa mafuta. Koma limenelo ndi lamulo la ku South Africa, ndipo nakonso thumbalo silikonza galimoto. Kuno ovulala amasumira inu ndi kampani yanu ya inshuwalansi.

Ngozi ikachitika, dziwitsani apolisi ndi a inshuwalansi mwachangu, mwa kalata, musunge kope. Chilichonse chimene mwapereka kwa ovulala lemberanani. Masamani akabwera, tsiku lomwelo kasiyeni kope ku inshuwalansi akudindireni, kenako pezani loya. Ngati ndalama palibe, kafunseni ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osowa ndalama ya loya.

Pomaliza matayala. Limene linaphulika pa yanga linali la kaunjika, mapanga ake akuoneka abwinobwino. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2318 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2018. Lija linali ndi zaka zoposa zisanu ndi zitatu. Matayala muzikagula nokha, atsopano, osatuma dalaivala.