Za PS5 Pro: azitulutsa, koma asatisiye m'mbuyo

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kuti makampani ngati Sony azitulutsa makina amphamvu a masewera a pa TV, monga PlayStation 5 Pro (PS5 Pro), pomwe akale asanathe nyengo yawo. Ine ndikuti azitulutsa ndithu, bola masewera onse aziyendabe pa makina akale. PS4 inabwera mu 2013, PS4 Pro mu 2016, ndipo masewera anali omwewo. Chinasintha kwenikweni ndi maonekedwe a zithunzi.

Chondiwawa ndi mtengo. PS5 Pro ya mu 2024 inayambira pa madola pafupifupi 700, yopanda ngakhale polowetsa disiki! Kuno ku Ulongwe, ku Mozambique, ambirife tilibe TV ya 4K (ya zithunzi zooneka bwino kwambiri) yoonetsa kusiyanako, ndiye musawononge mameticais anu. Komabe Pro ikatuluka, eni makina akale ku Johannesburg amawagulitsa motchipa, ndipo ena amatifika kuno.