Ndigule ThinkPad yakale kapena laputopu yatsopano yopyapyala?

Funso: Akonzi, ndine mlembi wa kalabu ya alimi a fodya kuno ku Kasungu, ndipo ndikufuna laputopu yosungiramo kaundula wa mamembala ndi ndalama. Mlamu wanga, yemwe amakonza makompyuta, akulimbikira kuti ndigule ThinkPad ya kaunjika, pomwe m'masitolo a ku Lilongwe mwadzaza zatsopano zopepuka. N'chifukwa chiyani anthu ena amakakamira makina akalewa? Wowerenga, Kasungu

Yankho: Bambo, alamu anuwo ali ndi mfundo. ThinkPad ndi mtundu wa laputopu umene unayamba kupangidwa ndi kampani ya IBM mu 1992, ndipo kuyambira 2005 dzinali lili m'manja mwa kampani ya Lenovo. Makinawa, monganso Dell Latitude ndi HP EliteBook, ankapangidwira makampani amene ankafuna kuti chipangizo chikawonongeka chitsegulidwe n'kukonzedwa, osati kutayidwa. Mukatembenuza ThinkPad T430 ya mu 2012, batire imachoka mukangokankha kaloko kake ndi chala, ndipo mukamasula timasikulu tochepa mumafika pa RAM (memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka) ndi hard disk (mosungira mafayilo).

Masiku ano opanga ambiri amathamangira kupyapyala chifukwa ndi kumene kumakopa ogula, motero RAM amaiwotcherera pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta) ndipo batire amaitsekera m'kati. Kwa ife kuno, kumene magetsi amazimazima, batire yachiwiri m'chikwama imapulumutsa ntchito ya tsiku lonse. Okonda makinawa amayamikiranso kiyibodi yake ndi kabatani kofiira ka TrackPoint kamene kamagwira ntchito ngati mausi, ndipo ena mpaka lero amadandaula kuti mu 2012 Lenovo inasiya kiyibodi ya mizere 7.

Komabe musagule iliyonse chifukwa cha dzina. Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo pa makina a Intel, Windows 11 imafuna purosesa (ubongo wa kompyuta) ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, zomwe zikutanthauza kuti T430, imene purosesa yake ndi yakale kuposa pamenepo, ingakuthandizeni bwino pokhapokha mutaikamo Linux Mint kapena Ubuntu, mapulogalamu oyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Ine ndikanasankha T480 ya mu 2018, imene ili ndi batire yochotseka ndi malo awiri a RAM, koma onetsetsani purosesa yake chifukwa zina zinatuluka ndi ya m'badwo wa 7. Musanapereke ndalama, apempheni alamu anuwo ayatse makinawo pamaso pa wogulitsa, atsimikize kuti BIOS (pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito makina akangoyatsidwa) ilibe pasiwedi ya kampani imene inkawagwiritsa ntchito.