Andisankha mu komiti ya kafukufuku, ndivomere?

Mayi wina wa ku Chikwawa wanditumizira imelo. Akuti anthu ofufuza za malungo afika kwawoko, adzera kwa amfumu, ndipo iwo asankhidwa kulowa mu komiti yoimira anthu a m'mudzi pa kafukufukuyo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi komitiyi ili ndi mano, kapena akungofuna nkhope zathu kuti anthu asawathamangitse akamatenga magazi a ana?"

Mayi, vomerani, koma manowo muwayese msanga. Pa msonkhano woyamba pemphani kuti chinthu chimodzi chisinthe, ngakhale chaching'ono, monga tsiku lotenga magazi lisagundane ndi la msika. Akasintha, komiti ilipo. Akangokupatsani Fanta, banzi ndi ya thiransipoti n'kupitiriza zawo, mwadziwa chomwe anakuitanirani.

Ndinakhalapo pa msonkhano wotere pansi pa mtengo wa mango. Mnyamata wa yunifomu ankawerenga chikalata chopempha chilolezo, ndipo anafika poti ana adzagawidwa m'magulu awiri "mwachisawawa". Gogo wina anaimirira, ndodo ili m'manja, nati mdzukulu wake sasankhidwa mwachisawawa ngati nkhuku. Anthu anayamba kunyamula mipando. Mphunzitsi wina wopuma ndiye anapulumutsa zinthu pofotokoza kuti akutanthauza kuchita maere, kuti pasakhale kukondera. Chikalata chija akadachionetsa kaye kwa eni mudzi, phokoso lonselo silikadachitika.

Nkhani ya magazi musaipeputse, ndipo musalole wina akuuzeni kuti ndi umbuli. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikira, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Mantha amakula pomwe palibe wofotokoza. Funsani kuti atenga magazi ochuluka bwanji, ndipo ayankhe m'masipuni. Sipuni ya tiyi ndi mamililita 5. Funsaninso komwe akupita, ngati atuluka m'dziko muno, komanso zaka zomwe asungidwe.

Sindikunena kuti kafukufuku ndi woipa ayi. Mu 2018 ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analowa mu kafukufuku wa katemera wa taifodi, yemwe anachitika kudzera ku bungwe lofufuza za umoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Theka linabayidwa wa taifodiyo, theka lina wa matenda oumitsa khosi, ndipo makolo anayenera kumvetsa kuti sakudziwa omwe mwana wawo walandira. Katemerayo anapezeka kuti amateteza pafupifupi ana 8 mwa 10, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse. Koma kholo la ku Ndirande lomwe linapereka mkono wa mwana wake limayenera kumva zotsatirazo lisanazimve pa wailesi. Inunso pemphani tsiku lomwe adzabwere kudzanena zomwe apeza, lilembedwe.

China ndi ichi, ngakhale amfumu sangachikonde: kuvomera kwawo kumangotsegula chipata cha mudzi. Kholo lililonse lili ndi ufulu wokana, kapena kusiya pakati, mwana n'kumalandirabe chithandizo kuchipatala monga kale. Ntchito yanu sikukopa anthu kuti adinde chala. Pa chikalatacho payenera kukhala nambala ya foni ya komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo, kaya NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Ilembeni mu foni yanu, ndipo pa msonkhano muiwerenge mokweza.