Pizza yeniyeni ndi iti? Yankho kwa mayi wa ku South Bend

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene wakhala zaka zisanu ndi zitatu mumzinda wa South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu. Mayiwa akuti tsiku lina pa nthawi yopuma kuntchito, anzawo atatu anakangana kwambiri posankha pizza yoti ayitanitse. Mmodzi anakulira ku Chicago, wina ku Detroit, winayo ku New York, ndipo aliyense ankanenetsa kuti ya mnzake si pizza ayi. Chimene chinawadabwitsa koposa n'chakuti atafika kunyumba n'kusimba nkhaniyi, mwana wawo wa zaka 12 anaikira kumbuyo wa ku Chicago uja mopsa mtima, ngati kuti wina wamutukwanira makolo. Funso lawo ndi ili: "Kodi pizza yeniyeni ndi iti pa zonsezi, nanga n'chifukwa chiyani anthu akuluakulu amakanganirana buledi wa tchizi?"

Amayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ngati mawu akuti "yeniyeni" akutanthauza yoyambirira, ndiye kuti anzanu onse atatu aluza, pakuti pizza kwawo ndi ku Naples, kum'mwera kwa dziko la Italy. Kumeneko inali chakudya cha amphawi, chogulitsidwa m'misewu kwa anthu amene analibe khitchini m'tizipinda tawo topanikizika. Yakale kwambiri, yotchedwa marinara, ilibe n'komwe tchizi: amangopaka matimati pa ufa wokanda, n'kuwaza adyo, oregano ndi mafuta a maolivi. Inayo ndi margherita, ya matimati, tchizi cha mozzarella ndi masamba a basil. Nkhani yofala imati wophika wina dzina lake Raffaele Esposito anaikonzera Mfumukazi Margherita m'chaka cha 1889, ngakhale kuti akatswiri a mbiri yakale amaikayikira nkhaniyi. Anthu a ku Naples salola masewera pa chakudya chawochi. Mu 1984 anakhazikitsa bungwe la Associazione Verace Pizza Napoletana, limene linalemba malamulo akuti ufa utambasulidwe ndi manja okha, pizza isapitirire masentimita 35 m'lifupi, ndipo ipse mu uvuni wa nkhuni wotentha madigiri a Celsius oposa 430 kwa masekondi 60 mpaka 90 basi. Mu 2017 bungwe la UNESCO linaika luso la ophika pizza a ku Naples pa mndandanda wa miyambo ya anthu yofunika kuisunga. Pizza yotereyi imatuluka yofewa, yonyowa pakati, yotukumuka m'mphepete, yokhala ndi timawanga takuda ta moto, ndipo siingafanane ndi iliyonse mwa zitatu zimene anzanu ankalimbirana.

Koma ine sindikhulupirira kuti funso lanu lathera pamenepa, chifukwa chakudya chikasamuka ndi eni ake chimakakumana ndi nkhuni zina, ufa wina ndi njala ya mtundu wina. Pakati pa 1880 ndi 1920, anthu pafupifupi 4 miliyoni a ku Italy anapita ku America, ambiri a iwo ochokera kum'mwera kuja. Atafika ku New York anapeza kuti malasha ndi otsika mtengo kuposa nkhuni, kuti ufa wa tirigu wa kumeneko ndi wolimba, ndiponso kuti tchizi chopezeka ndi cha mkaka wa ng'ombe m'malo mwa njati zoweta za kwawo. Malo a Lombardi's, amene amati anayamba mu 1905, ndi ena monga Totonno's ku Coney Island mu 1924, ankaphika ndi malasha, ndipo pizza yawo inayamba kuuma ndi kukhwima pansi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mauvuni a gasi anafala, ndipo zinatheka kuphika pizza yaikulu, kuiika pawindo, n'kumatenthetsanso chidutswa chimodzichimodzi kwa wodutsa m'njira. Munthu wa ku New York amagula chidutswa cha ngodya zitatu pa mbale ya pepala, amachipinda pakati ndi dzanja limodzi kuti nsonga yake isagwe, n'kumadya akuthamangira sitima. Kadyedwe kameneka anthu ake amakasamala kwambiri, moti mu Januwale 2014 meya wawo, Bill de Blasio, atajambulidwa akudya pizza ndi mpeni ndi foloko ku Staten Island, manyuzipepala anamukalipira kwa masiku angapo. Iye anayankha kuti ku Italy, kwawo kwa makolo ake, anthu amadya choncho, ndipo ananena zoona, koma anthu a mumzinda wake sanali kukamba za ku Italy.

Ndifike tsopano ku Chicago, poti ndi kumene mtima wa mwana wanu uli, ndiponso ndi pafupi nanu. Pizza imene dziko lonse limaidziwa kuti ndi ya ku Chicago ndi ija yozama, yotchedwa deep dish, imene inayambira pa malo a Pizzeria Uno mu 1943, a Ike Sewell ndi Ric Riccardo. Wophika amapaka mafuta chiwaya chobulungira chakuya, amakanikizira ufa pansi ndi m'mbali mwake mpaka m'milomo, kenako amayala tchizi, pamwamba pake soseji, ndipo matimati ophwanya amathira pomaliza. Anthu a ku New York amaseka kuti pizzayi yasanjidwa chadodolido, koma pali chifukwa chake chomveka: chakudya chochindikala choterechi chimafuna mphindi 30 mpaka 45 mu uvuni, ndipo tchizi chikanakhala pamwamba chikanapserera ufa usanapse. Matimati amachiteteza. Soseji nayonso ili ndi mbiri, pakuti Chicago unali mzinda wa nyama, ndipo makola ake akuluakulu ophera ziweto a Union Stock Yards anagwira ntchito kuyambira 1865 mpaka 1971. Nyama ya nkhumba inali yosasowa, choncho mpaka lero munthu wa ku Chicago akati pizza, m'maganizo mwake muli soseji yonunkhira njere za fennel.

Pali chinthu china chimene alendo ambiri sachidziwa, ndipo ndikuganiza kuti ndicho chingakuthandizeni kumvetsa mwana wanu. Anthu obadwira ku Chicago sadya deep dish kawirikawiri. Imeneyo amaidya pa chikondwerero, kapena akabwera achibale ochokera kutali ofuna kulawa. Pizza ya tsiku ndi tsiku ndi ina, yopyapyala ngati bisiketi, yophika mobulungira koma yodula timagawo ta ngodya zinayi, imene amaitcha tavern style chifukwa inakulira m'malo omwera mowa a anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Eni mabala ankaidula ting'onoting'ono kuti munthu agwire kachidutswa ndi dzanja limodzi, botolo lili kwinako, osafuna mbale, ndipo mchere wake unkamuchititsa kuitanitsanso botolo lina. Malo ngati Vito & Nick's, kum'mwera kwa mzindawu, akuphikabe motero. Ine ndinaidya koyamba m'nyumba ya banja lina la kumeneko usiku wa Lachisanu. Bokosi litangotsegulidwa, ana awiri anathamangira tizidutswa tinayi ting'onoting'ono ta m'makona, tija timatsala podula chinthu chobulungira mizere yopingasa, touma ndi tokhukhuta. Agogo awo anadikira mpaka za m'mphepete zitatha, n'kutenga zapakati zofewa zopanda pogwira, mafuta akutsika m'zala. Palibe amene anauza mnzake choti atenge, chifukwa aliyense ankadziwa gawo lake kuyambira kalekale, monga mmene pakhomo pathu zimadziwikira amene amadya nthutumba ya nkhuku. Mayi wa pakhomopo anandiuza kuti bambo awo ankabwera ndi bokosi lotereli Lachisanu lililonse akalandira malipiro, kuchokera pa malo omwewo. Nditamva zimenezo ndinazindikira kuti wonyoza pizza imeneyo pamaso pa mayiwo wanyoza bambo awo ndi thukuta lawo.

Mnzanu wa ku Detroit nayenso ali ndi pokhazikika. Pizza ya kwawo inayamba mu 1946 pa bala ya Buddy's Rendezvous, pamene mwini wake, Gus Guerra, anaphika ufa wochindikala wofanana ndi wa ku Sicily m'ziwaya zachitsulo za ngodya zinayi, za mtundu umene mafakitale a galimoto ankasungiramo tizipangizo. Tchizi chake, chotchedwa brick cha ku Wisconsin, amachiwaza mpaka kukhudza chitsulo, ndipo chikapsa chimapanga nkhoko yakuda yokoma kuzungulira pizza yonse. Aliyense amene anakandapo nkhoko m'poto wa nsima adzamvetsa chifukwa chake anthu a ku Detroit amalimbirana chidutswa cha pakona. Msuzi wa matimati amauthira pamwamba m'mizere. Mwa zitatu zimene mwatchula, iyi ndi imene ine ndimaikonda, ndipo ndimalemekeza kuti mzinda wa mafakitale a galimoto unaphikira chakudya chake m'chiwiya cha kufakitale komweko.

Pakanakhala munthu wa ku New Haven, m'chigawo cha Connecticut, mkangano wa kuntchito kwanu ukanakula kwambiri. Kumeneko ngakhale dzina ndi lina, amalemba apizza potsata katchulidwe ka makolo awo a kufupi ndi Naples. Frank Pepe anatsegula malo ake pa Wooster Street mu 1925, ndipo mphwake, Salvatore Consiglio, anatsegula Sally's pa msewu womwewo mu 1938. Onse amaphika ndi malasha pizza yopyapyala yodetsedwa ndi moto, imene mlendo angaibweze poganiza kuti yapserera. Ukaitanitsa wamba amakupatsa ya matimati ndi katchizi kouma kongowaza, ndipo mozzarella umachita kupempha padera. Kwa Pepe kunatchukanso ya nkhono za m'nyanja, yopanda matimati. Malo awiriwa ndi oyandikana, eni ake anali pachibale, kaphikidwe n'kofanana, komabe mabanja a mumzindawu anagawikana kwa mibadwo: ena ndi a kwa Pepe, ena ndi a kwa Sally's, ndipo mwana amalowa mbali ya bambo ake monga zikhalira ndi Bullets ndi Wanderers ku Blantyre. Apa m'pamene zimaonekera bwino kuti kukoma pakokha sikungafotokoze kukhulupirika koteroko. Ku St. Louis nakonso ali ndi yawo, ya ufa wopanda yisiti ndi tchizi chosakaniza chotchedwa Provel, imene malo a Imo's anaifalitsa kuyambira 1964. Alendo ambiri amaikana, eni ake akasamukira kutali amaisowa.

Ndikuganiza kuti chifukwa chimene inu mukuonera buledi wa tchizi chabe ndi njira imene ambirife tinadziwira pizza. Tinaipeza titakula kale, m'malo ngati Debonairs ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kampani yochokera ku South Africa, kapena m'makampani a ku America monga Pizza Hut, imene inayamba ku Wichita mu 1958, ndi Domino's ya ku Michigan ya mu 1960. Makampani otere cholinga chawo n'chakuti pizza ikome mofanana paliponse, ndipo amakwanitsa, koma chinthu chofanana paliponse sichikhala ndi kwawo, choncho palibe amene amachimenyera nkhondo. Pa nsima ife sitili otero. Munthu wa ku Nkhata Bay mukamuuza kuti kondowole si nsima, sakutsutsani pofotokoza ubwino wa chinangwa, amangokhumudwa, chifukwa mwakhudza dzanja la amayi ake. Wokulira mgaiwa ndi wokulira ufa woyera nawonso amadziwana pa mbale. Paja akulu anati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo anzanu atatu aja ankanena za kwawo.

Za mwana wanu, ndikupempheni kuti musamuone ngati wataya chikhalidwe. Wakulira m'dera limene Chicago ndiye mzinda waukulu wapafupi, anzake a kusukulu amakonda matimu a kumeneko, ndipo pa maphwando okumbukira kubadwa amene wapitako kuyambira ali wamng'ono, mwina bokosi limene linkatsegulidwa linali la timagawo ta ngodya zinayi. Poikira kumbuyo pizza ya ku Chicago akukuuzani kuti kumene mwamulerera nakonso wakutenga kukhala kwawo, ndipo zimenezi sizimulanda nsima imene mumamuphikira. Mumufunse kuti akamati ya ku Chicago akunena iti, yozama kapena yopyapyala, ndipo anaidya koyamba kwa yani. Yankho lake lidzakuuzani za anzake ndi nyumba zimene zinamulandira bwino.

Loweruka lina mukwere naye sitima ya South Shore Line, imene imachoka ku South Bend komweko mpaka pakati pa mzinda wa Chicago. Mukafuna deep dish, muitanitse mutangokhala pansi poti idzatenga pafupifupi mphindi 45, ndipo mutenge yaing'ono, chifukwa zidutswa ziwiri zimakhutitsa munthu wamkulu. Mpeni ndi foloko n'zololedwa pa imeneyo. Ulendo wotsatira mudzafunefune yopyapyala ya soseji, ndipo bokosi likadzatsegulidwa mudzamusiyire mwanayo tizidutswa ta m'makona.