Kodi zipolopolo za .22 zidatha ntchito?

Bambo wina wa ku Bembeke kuno ku Dedza wanditumizira imelo. Akuti malemu bambo awo adasiya mfuti ya .22 (mfuti ya zipolopolo zing'onozing'ono), ndiye anzawo akuwauza kuti zipolopolo zake nzachikale, angofuna ina yamakono. Akufunsa ngati ndi zoona.

Bambo, zoti nzakale sindikana. Chipolopolo cha .22 Long Rifle chidayamba kupangidwa ku America mu 1887, ndipo cha .22 Short ndi cha 1857. Koma kutha ntchito ayi.

Nkhani yagona pa kapangidwe. Pa zipolopolo za mtundu wa .22 umenewu, zomwe amazitcha rimfire, mankhwala oyatsira onga amakhala mu mkombero wa kunsi kwa chipolopolo, ndipo kachitsulo ka mfuti kamaphwanya mkomberowo kuti moto uyake. Kuti ziphwanyike choncho, chikhokhombe chake chimayenera kukhala chopyapyala, n'chifukwa chake sichingapirire onga wambiri. Zipolopolo zikuluzikulu zimayakira pakati, chitsulo chake n'chochindikala, mphamvu zake n'zambiri. Anzanuwo akuona mphamvuzo basi.

Chomwe sakuona ndi ichi: .22 siikankha phewa, siigonthetsa m'khutu ngati zinzake, ndipo zipolopolo zake n'zotsika mtengo. Munthu amaphunzira kulunjika bwino popanda mantha. Mpaka lero ku masewera a Olympics, owombera chandamale pa mamita 50 amagwiritsa ntchito chipolopolo chomwechi cha .22 Long Rifle. Ngakhale kampani ya Hornady, potulutsa chipolopolo chatsopano cha .17 HMR mu 2002, idatsata kapangidwe ka rimfire komweko. Chinthu chotha ntchito sachipangira mng'ono wake.

Malire ake alipo. Ngati mukuganiza za nguluwe zomwe zikufukula kachewere kumunda, iwalani. Kanjere ka .22 kamalemera magalamu osakwana 3. Nguluwe mungoivulaza, ikavutike m'tchire kapena ikutembenukireni. Komanso nyama zakutchire zili ndi lamulo lake, choncho zikavuta kadziwitseni a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu oiyesa choseweretsa chifukwa imalira pang'ono. Chipolopolo chimenechi chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, ndipo chikagunda mwala chimanjanja n'kulowera kwina. Tayang'anani dera lathuli: miyala paliponse, midzi yothithikana m'mphepete mwa mapiri, ana akudyetsa mbuzi kuseri kwa chulu, amayi akupita kudimba. Chonde, musadzawombe musanadziwe chomwe chili kuseri kwa chomwe mukulozacho.

Musanaganize zogula ina kapena kugwiritsa ntchito imeneyi, dziwani kuti laisensi ya malemu bambo anu si yanu. Pitani kupolisi ku Dedza boma, mukafotokoze kuti mwini mfuti adatisiya, akakuuzeni njira yoilembetsera m'dzina lanu kapena yoiperekera. Podikira zimenezo, mfuti ikhale yokhomeredwa, yopanda chipolopolo mkati, ndipo zipolopolo zisungidwe kwina kumene ana sangafikeko.