Kosi ya TEFL ya pa intaneti ija, kodi ingakupatseni ntchito yauphunzitsi?

Mchemwali wina wanditumizira imelo, akuti ali ndi digiri ya Economics koma ntchito ikuvuta, ndiye waona pa Facebook kosi ya masabata awiri ya TEFL, yophunzira kaphunzitsidwe ka Chingelezi kwa anthu oti si chiyankhulo chawo. Akufunsa ngati akaimaliza angayambe kuphunzitsa Chingelezi, kuno kaya kunja. Anzake ena akuti ndi zakuba basi, ena akuti ndi tikiti yopitira ku Korea.

Achemwali, mbali zonse ziwiri zikukokomeza. TEFL ilibe mwini wake, palibe bungwe limodzi lomwe limayendetsa, ndiye aliyense atha kutsegula webusayiti n'kumagulitsa mapepala, mwangoonera mavidiyo n'kuyankha timafunso basi setifiketi yatuluka. Musanalipire funsani chinthu chimodzi: kodi alipo adzakuoneni mukuphunzitsa anthu enieni? Akayamba kuzemba, ndalama zanu sungani.

Makosi a TEFL omwe mabwana ambiri kunjaku amawadziwa ndi CELTA ya Cambridge ndi CertTESOL ya Trinity College London. CELTA ndi ya maola pafupifupi 120, ambiri amaipanga masabata anayi osapuma, ndipo mkatimo muli maola 6 oti muphunzitse ophunzira enieni tutor atakhala kumbuyo ndi kope, akulemba chilichonse, kuti munayankhula nokha nthawi yaitali ophunzira ali duu, kuti munafunsa "mwamva?" onse n'kugwedeza mitu koma pomupatsa wina kuti apange sentensi zii. Mukatuluka amakuuzani pamaso pa anzanu, mawa lake mwabwereranso. Ndiye aja amati munthu sangaphunzire kanthu mwezi umodzi, sanakhalemo mkalasi imeneyo. Komanso za kuti ndi ya azungu okhaokha ndi bodza, bola Chingelezi chanu chikhale chakupsa amakutengani.

Koma aphunzitsi athu odutsa ku TTC, ku Domasi kaya ku Nalikule akamainyoza ali ndi mfundo yawonso. CELTA anaikonzera makamaka akuluakulu, kagulu kochepa, anthu oti abwera okha mwakufuna kwawo. Siikuphunzitsani kugwira kalasi ya ana 100 ya Sitandade 5 mabuku ali asanu, scheme of work mulibe, silabasi ya MSCE saitchula n'komwe. Ndiye ngati mukufuna sukulu ya boma kunoko pepala limenelo silikuthandizani, njira ya munthu wa digiri ina ngati inu ndi UCE, setifiketi yauphunzitsi ya ku yunivesite, kenako kulembetsa ku Teachers Council of Malawi. Mapraiveti ena atha kukutengani, koma akutengerani digiri yanuyo.

Za Korea izi ndisakunamizeni. Viza yawo ya E-2 yophunzitsira Chingelezi nthawi zambiri amapereka kwa nzika za mayiko 7: America, Britain, Canada, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Pasipoti yathu mulibe, olo mutakhoza bwanji. Ine zimandinyansa, munthu waphunzira m'Chingelezi kuyambira Sitandade 5 mpaka digiri koma akumuyeza ndi pasipoti. Zophunzitsa ana aku China pa intaneti nazonso zinaphwa mu 2021 boma lawo litaletsa aphunzitsi okhala kunja.

Mukasankha CELTA, imapezeka ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo kuyambira 2020 imathekanso yonse pa intaneti. Kungoti fizi yake si ya makwacha, ndiye ndi mmene forex ikuvutiramu yambani mwafunsa ku banki, komanso muone ngati netiweki ndi magetsi a kwanuko angapirire kalasi ya pa Zoom osaduka.