Azakhali, musathamangire kaye kwa okonza mafoni

Azakhali, mwaswera bwanji ku Makawako? Ndamva zimene mwafunsa m'gulumu, zoti foni yanu ikulowa moto pokhapokha mukapinda chingwe n'kuchitsamiritsa penapake, komanso tabuleti ya mdzukulu wanu ikugona pa tchaja usiku wonse koma kukacha ili pa 30 peresenti basi. Ndati ndingolankhula, kulemba kunditalikira. Chonde musakwere kaye minibasi kubwera kuboma kuno, chifukwa ambiri akangoiona amati charging system yafa, ndalama n'kupita, pamene mwina vuto lake mutha kuthana nalo pakhomo pomwepo.

Tiyambe ndi foni yanuyo. Zopinda chingwezo kawirikawiri ndiye kuti chingwe chaduka mkati pafupi ndi kumutu, kapena kabowo kolowetsa tchaja kadzaza zinyalala. Bwerekani chingwe cha wina chimene chikugwira bwino, muyesere. Ikalowa moto osaigwirira, basi, gulani chingwe china, nkhani yatha. Ikakanabe, izimitseni, muunike ndi tochi m'kabowomo. Kwathu kuno ndi kumchenga azakhali, ndipo inu foni mumaimanga pa chitenje popita kunyanja kukapikula usipa. Mchenga ndi ulusi zimalowa pang'onopang'ono, tchaja n'kumazitsendera mkati, mpaka imaleka kufika kumapeto. Ndiye songolani kamtengo ka machesi, mutokose modekha, modekha ndithu. Singano kapena pini ayi, ndapota nanu, chitsulo chimapinda timano ta mkatimo ndiponso chimachititsa shoti. Muli kalilime kopyapyala m'menemo, muzikazungulira, osakakanikiza. Ngati foniyo inanyowako, isiyeni pamthunzi iume kaye, osailumikiza ili yonyowa.

Tabuletiyo ine ndikukayikira mutu wa tchaja. Batire lake ndi lalikulu kuposa la foni, ndiye limafuna moto wambiri. Muuzeni mwanayo awerenge tizilembo tating'ono ta pamutupo, pamene alemba kuti Output. Akapeza 5V 1A, kameneko ndi kakang'ono, ndi ma watts 5 okha. Tabuleti imafuna wa 2A kapena kuposerapo. Nanga mwanayo akamaonera makatuni ili pa tchaja pomwepo, moto umene ukulowa ndi womwe ukutuluka, ngati kutungira madzi m'ndowa yobooka. Aizimitse kaye, idzaze. Ndipo ngati mukutchajira pa kasola kaja usiku, kumbukirani kuti batire la solalo limakhala litatsika kale ndi mababu ndi wailesi. Bola kutchaja masana dzuwa lili pamutu.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutenthaku. Mangochi mu Okutobala mukumudziwa. Mabatire a lithium sagwirizana ndi kutentha, moti mafoni ambiri akatentha amachepetsa okha liwiro lotchajira, ena amaimiratu. Musamaisiye pawindo pamene pakuwomba dzuwa, kapena pansi pa pilo. Ivuleni kava, muiike pa simenti pozizira. Magetsi akathima zulani tchaja pa soketi, ndipo akayaka mudikire mphindi zingapo, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu n'kuwotcha matchaja.

Chinanso, mutembenuze zonse ziwirizo muone kumbuyo. Mukaona chivundikiro chikutukuka kapena galasi likunyamuka m'mbali, batire latupa limenelo. Pamenepo musatchajenso olo pang'ono, musaliboole, musalifinye, ndipo mwana asaseweretse, chifukwa limatha kuyaka moto. Zikatero ndiye zoyenera okonza, kapenanso ngati kabowo mwayeretsa, chingwe mwasintha, koma kakugwedera mkati.

Jambulani mutu wa tchajawo pamene pali zilembo, muponye m'gulu momwemuno ndione. Loweruka ndikupita ku Monkey Bay, ndidzatsikira kwanuko ndi chingwe komanso mutu wa 2A tidzayesere limodzi. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.